Ale wa kampani yaikulu ndi mowa wa craft: kusiyana kwake kuli pati?

Anthu obwera kuchokera ku Joni, ndi ena ogula m'mashopu akuluakulu a mu Blantyre, akumatsika kuno kuchigwa ndi mabotolo ndi zitini za mowa zolembedwa mawu achilendo: ale, pale ale, IPA, craft. Mtengo wake umaposa wa Green kapena Kuche Kuche, ndipo zikatsegulidwa pa bala ya pa Nchalo kapena pa Ngabu mkangano suchedwa kubuka. Wina amati mowa weniweni ndi umenewu, wa makampani akuluakulu ndi madzi a thovu chabe. Mnzake amatembenuza botolo lomwelo n'kuloza timalemba ta kumbuyo: "Achimwene, tawerengani apa. Wofulula ndi kampani yaikulu yomwe mukuinyozayo." Apo funso limasintha. Kodi kampani yofulula mowa wa anthu mamiliyoni ingapange ale wofika pa wa timafakitale ting'onoting'ono?

Ku Britain ndi ku America akhala akukangana za zimenezi kwa zaka makumi angapo, ndipo nkhaniyi siitha chifukwa anthu amamanga mafunso atatu mtolo umodzi. Pali funso la yisiti, pali funso la mwini fakitale, ndiye pali funso la zimene lilime likumva. Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje pali chinanso chimene a ku London saganizira kwenikweni, dzuwa.

Tiyambire pa chimera

Amene adaonapo amayi akukonza chimera adadziwa kale theka la ntchito ya fakitale ya mowa. Mapira kapena mawere amaviikidwa m'madzi, kenaka amavuulidwa n'kufunditsidwa masaka kapena masamba pamthunzi. Pakapita masiku angapo mukavundukula mumapeza njere zatulutsa timizu toyera tolukanalukana, mulu wonse uli wofunda mukaugwira ndi dzanja. Amaziyanika pamphasa kuti kumerako kulekere pomwepo, n'kukagayitsa. M'masiku amenewo mbewu, pokonzekera kumera, yapanga mphamvu yosandutsa ufa wake kukhala shuga. N'chifukwa chake phala lolimba mukalithira chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Ndiye pamabwera yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso. Yisiti akadya shuga uja amatulutsa choledzeretsa chija pamodzi ndi mpweya umene umachititsa thovu.

Mowa wa m'mabotolo umatsata njira yomweyi. Chimera chake ndi cha balere, ndipo akachiumitsa pamoto wochepa mowa umatuluka woyera, akachikazinga kwambiri umatuluka wofiirira kapena wakuda bii. Chachilendo kwa ife ndi hops, maluwa obiriwira a chomera china choyanga. Hops ndi amene amabweretsa kuwawa ndi fungo, ndipo amathandiza kuti mowa usaonongeke msanga. Chomerachi chimafuna dera limene nthawi yachilimwe dzuwa limachedwa kwambiri kulowa, n'chifukwa chake minda yake yaikulu ili ku Hallertau ku Germany ndi ku Yakima ku America. Mu Africa malo odziwika ndi a kufupi ndi George ku South Africa. Wofulula wa ku Malawi, wamkulu kaya wamng'ono, akafuna hops ndi chimera cha balere ayenera kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja.

Ale ndi lager

Ale ndi lager si mayina a makampani, ndipo palibe limene likutanthauza mowa wabwino kapena woipa. Ndi mabanja awiri a mowa, chowalekanitsa ndi mtundu wa yisiti. Yisiti wa ale amagwira ntchito pofunda, pa madigiri 15 mpaka 24, ndipo sachedwa: sabata imodzi kapena ziwiri mowa wapsa. Pofunda chonchi amatulutsanso timafungo tonga ta nthochi yakupsa kapena apulo, ngakhale mulibe chipatso chimene chathiridwamo. Yisiti wa lager amafuna pozizira, madigiri 7 mpaka 13, amadya shuga pang'onopang'ono, ndipo mowawo umagonekedwanso m'mathanki ozizira kwa masabata angapo. Umatuluka wosalala pakhosi, wopanda fungo lambiri.

Kwa zaka mazanamazana mowa wambiri ku Ulaya udali wa ale. Zinthu zidatembenuka m'zaka za m'ma 1800. Mu 1842 mumzinda wa Plzeň, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, adafulula lager woyera wooneka ngati golide amene adakopa dziko lonse. M'ma 1870 Carl von Linde adapanga makina oziziritsa amene mafakitale a mowa adawalandira ndi manja awiri. Mu 1883 Emil Christian Hansen, wa ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, adapeza njira yopatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuchulukitsa wosasakanikirana ndi tizilombo tina. Kuchokera pamenepo zidatheka kufulula mowa wofanana chaka chonse, ngakhale m'dziko lotentha.

Mbiri imeneyi idatifika pakhomo mu 1968, pamene Carlsberg idatsegula fakitale mu Blantyre, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Mu 2016 idagulitsa gawo lake ku Castel ya ku France. Green, Special Brew, Chill ndi Kuche Kuche onse ndi lager, chimodzimodzi 2M ndi Manica amene amadziwika kwa anthu a m'malire a Mozambique cha ku Marka. Lilime la Mmalawi womwa za m'botolo lidaleredwa ndi lager. Munthu wotero akalawa pale ale koyamba, chimene chimamudzidzimutsa ndi kusiyana kwa banja la mowa. Sanafike n'komwe pa nkhani ya kukula kwa fakitale.

Komatu mowa wowira pofunda si wachilendo kuno. Masese amawira m'mbiya kapena m'dramu pa kutentha kwathu komweku, ndipo yisiti amene amagwira ntchito yaikulu mmenemo ndi wa mtundu womwewo wa ale, wothandizana ndi tizilombo tina timene timabweretsa kuwawasa. Uchema wa ku migwalangwa nawo umawira wokha ndi yisiti wa kutchire, m'mawa uli wotsekemera, pofika madzulo wasasa. Ndiponso ale wa kampani yaikulu si chinthu cha dzulo. Guinness, amene adayamba ku Dublin mu 1759, ndi wa banja la ale, ndipo amafululidwa m'mayiko ambirimbiri.

Nanga craft n'chiyani?

Mawu akuti craft amaloza kwa wofulula: fakitale yaing'ono, yoima payokha, imene eni ake ndi omwe amaganiza chofulula. Ikhoza kufulula ale, ikhozanso kufulula lager. Anthu amasokoneza ziwirizi chifukwa timafakitale tambiri totere tidayamba ndi ale, poti amapsa msanga ndipo safuna makina oziziritsa okwera mtengo kwambiri.

Gwero lake ndi kutopa. Pofika m'ma 1970 makampani ochepa adali atameza anzawo, ndipo mowa wa m'mabala udali wofanana paliponse. Ku Britain mu 1971 anthu adakhazikitsa gulu la CAMRA lomenyera ale wachikale wa m'migolo. Ku America, kumene mafakitale a mowa adali atatsala osakwana 100, Pulezidenti Jimmy Carter adasayina mu 1978 lamulo lolola anthu kufulula mowa pakhomo, ndipo ena mwa ofulula pakhomowo adatsegula timafakitale. Sierra Nevada ya ku California idayamba mu 1980 ndi pale ale wa fungo lamphamvu la hops. Ku South Africa, Mitchell's idatsegulidwa ku Knysna mu 1983. Lero ku America kuli mafakitale oposa 9,000, ndipo a craft amagulitsa pafupifupi 13 peresenti ya mowa wonse, koma pa ndalama amatenga pafupifupi kota, umboni wakuti mowa wawo ndi wodula.

Tanthauzo limene anthu amatchula kawirikawiri ndi la bungwe la Brewers Association la ku America. Limati wofulula wa craft asapitirire migolo 6 miliyoni pachaka, ndipo gawo la kampani yake limene lili m'manja mwa kampani yaikulu ya zakumwa zoledzeretsa lisafike 25 peresenti. Mgolo umodzi wa ku America ndi malita pafupifupi 117, ndiye malirewo ndi malita pafupifupi 700 miliyoni. Kampani yotere kuno tikadaitcha chimphona, koma kumeneko ikadali m'gulu la ang'onoang'ono. Malirewo kale adali migolo 2 miliyoni, adawakweza pamene ena mwa mamembala awo omwe adayamba kukula. Poyamba ankasalanso mowa wothira chimanga kapena mpunga, koma mu 2014 adafewetsa mfundoyo. Onaninso kuti m'tanthauzo lonseli mulibe liwu ndi limodzi lomwe lonena za kukoma. Ndi muyeso wa kukula ndi umwini, wopangidwa ndi bungwe la eni mafakitale, osati ndi boma. Mu 2015 munthu wina ku California adasumira eni ake a mowa wotchedwa Blue Moon kuti akupusitsa anthu pogulitsa mowawo ngati wa craft, koma khoti lidathetsa mlanduwo.

Mmene akuluakulu adayankhira

Makampani akuluakulu sadakhale manja lende. Blue Moon yemweyo, ale wa tirigu wa kafungo ka malalanje, adapangidwa ndi kampani yaikulu ya Coors ku Denver mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankamumwa osadziwa kuti mwini wake ndi ndani, poti dzina la Coors silinkaoneka pabotolo. Adayenda malonda kwambiri. Anheuser-Busch idayesa njira ina mu 2008: idatulutsa Budweiser American Ale, ale wofiirira wokhala ndi hops a mtundu wa Cascade, omwewo amene adatchukitsa Sierra Nevada, dzina la Budweiser lili poyera pabotolo. Mu 2011 adasiya kumupanga. Okonda craft ambiri sadamusamale chifukwa cha dzinalo, ndipo okonda Budweiser adapitiriza kumwa lager wawo. Nkhani ziwirizi anthu amazimasulira mosiyana. Ena amati zikusonyeza kuti ogula amamwa dzina. Ena amati mowa wachiwiriwo udangokhala pakatikati, wosafika kuno wosafika uko. Nayo Carlsberg idatsegula kafakitale kake ka Jacobsen ku Copenhagen mu 2005, kofulula mitundu ya mowa yosiyana ndi lager wa masiku onse.

Kenaka adangoyamba kugula timafakitale tomwe. AB InBev, kampani yaikulu imene idameza Anheuser-Busch, idagula Goose Island ya ku Chicago mu 2011 ndi Camden Town ya ku London mu 2015. Heineken idagula theka la Lagunitas mu 2015 n'kumaliza lotsala mu 2017. Apa ndi pamene tanthauzo lija limaonetsa malire ake. Tsiku limene mapepala asayinidwa, mowa wa m'thanki ndi womwewo, ofulula ndi omwewo, koma dzulo udali craft, lero si craft. Brewers Association idayankha mu 2017 potulutsa chizindikiro cha botolo lozondoka choti mamembala ake oima paokha aziika pa mowa wawo. Ku mbali ya ogulidwawo, eni ake amati ndalama za kampani yaikulu zimawapatsa labotale, magalimoto ndi misika imene sakadaifika. Otsutsa amati pakapita zaka mowa uja umasamutsidwira kufakitale yaikulu n'kuyamba kusintha pang'onopang'ono. Zonse ziwiri zidachitikapo.

Zimene zimasiyana m'thanki

Pa luso, palibe katswiri woona amene amati makampani akuluakulu sadziwa kufulula. Lager wopepuka ndi mowa wovuta kwambiri kupanga, chifukwa alibe fungo lamphamvu lobisa cholakwa, ndipo kuutulutsa wofanana botolo lililonse kwa zaka zambiri ndi ntchito ya akatswiri ndi malabotale. Ena mwa ofulula a craft adaphunzira ntchito m'mafakitale omwewo. Kusiyana kumabwera pa zimene aliyense akuloledwa kuchita.

Wofulula wa kampani yaikulu ali ndi thanki imene ikadzaza iyenera kugulidwa ndi anthu masauzande ambiri. Sangaike kuwawa kothamangitsa theka la iwo. Kuwawa kwa mowa amakuyeza ndi muyeso wotchedwa IBU: lager wamba amakhala pakati pa 10 ndi 25, pamene IPA, ale wothira hops ambiri, amafika 40 mpaka 70. Hops ndi odula, makamaka akathiridwa kachiwiri mowa utawira kale pofuna fungo lokha, njira imene a craft amaikonda. Kandalama kochepa kowonjezera pa botolo limodzi kakachulukitsidwa ndi mabotolo mamiliyoni, akuluakulu a zachuma pakampani amafunsa mafunso. N'chifukwa chake ale wa kampani yaikulu kawirikawiri amakhala wofatsa poyerekeza ndi wa craft wa dzina lomwelo. Kufatsako ena amakutcha kusukuluka, ena amati ndiye mowa womweka.

Mafakitale akuluakulu ambiri amaphatikiza chimera cha balere ndi chimanga, mpunga kapena shuga. Zimachepetsa mtengo, zimapepukitsanso mowa. Ambiri amafulula mowa wamphamvu kwambiri n'kuuchepetsa mphamvu pamapeto ndi madzi oyeretsedwa ochotsedwa mpweya, kuti thanki imodzi itulutse mabotolo ochuluka. Akamva zimenezi ena amakuwa kuti tagwidwa m'maso, koma ndi njira yodziwika, ndipo mphamvu yolembedwa pabotolo ndi ya mowa womalizidwawo. Shuga nayenso si chizindikiro cha mowa wotchipa, poti amonke a ku Belgium amathira shuga mu ale wawo amene amalemekezedwa padziko lonse. Pomaliza mowa umasefedwa n'kutenthedwa pang'ono, cha m'ma madigiri 60, kuti tizilombo ndi yisiti wotsala zife. Ukatero umatha miyezi uli bwino. A craft ambiri satenthetsa, ena sasefa n'komwe, pofuna kusunga fungo lonse, ndipo mtengo wa chisankho chimenecho ndi moyo waufupi wa mowawo.

Amene amamwa masese ndi Chibuku nkhaniyi amaidziwa kale. M'mudzi mumakhala amayi amene akafulula, anthu amachoka midzi ina kulondola mbiya yawo, ndipo tsiku limene chimera chagwira bwino palibe paketi ya kufakitale ingayandikire. Koma amayi omwewo sabata ina nkhuni zidali zaziwisi, kapena kunja kudatentha mopitirira, mowa wasasa usanagulidwe theka. Paketi ya Chibuku ilibe tsiku lodabwitsa chotero, koma amene waigula pa Bangula amadziwa chimene apeze mkatimo, chimodzimodzi wa ku Karonga. Timafakitale ta craft tili ndi nsonga zapamwamba ndi maenje omwe. Kafakitale kopanda labotale kakhoza kutulutsa mowa wolowa tizilombo kapena wolowa mpweya pothira m'botolo, n'kuugulitsa pamtengo wokwera ndithu.

Lilime likabisidwa dzina

Mu 1964 akatswiri awiri a ku America, Ralph Allison ndi Kenneth Uhl, adapatsa anthu okonda mowa mabotolo opanda zizindikiro. Anthuwo adalephera kuzindikira mowa umene ankati ndi wawo wapamtima, ndipo adaona ngati mitundu yonse ndi yofanana. Atawabwezera zizindikiro, aliyense adayambanso kutama wake. Mowa wa m'kafukufukuyo udali wa mitundu yoyandikana kwambiri, ndiye tisatengepo zoposa zimene adapeza. Koma phunziro lakuti maso amalawa lilime lisanalawe silidatsutsidwe.

Mafakitale ali ndi njira yoyesera imene aliyense angaichite pakhonde. Pamafunika makapu atatu ofanana, osaonekera mkati, ndi munthu mmodzi wothira amene sakumwa nawo. Amathira mowa umodzi m'makapu awiri, wina m'kapu yachitatu, yonse yozizira mofanana, n'kulemba pansi pa kapu iliyonse kachizindikiro kodziwa yekha. Wolawa amangofunsidwa chinthu chimodzi: kapu yosiyana ndi iti? Wongolota amakhoza kamodzi pa katatu, ndiye munthu mmodzi akakhoza kamodzi palibe chatsimikizika. Pamafunika anthu angapo, kapena kubwereza kangapo makapu atasinthidwa malo. Ndipo muyerekeze zofanana: pale ale wa kampani yaikulu ndi pale ale wa kafakitale. Mukaika IPA pambali pa Green aliyense akhoza, ndipo simudaphunzirepo kanthu.

Mayeso amenewa amangouza ngati pali kusiyana. Sanena kuti wokoma ndi uti. Komanso pali anthu amene ngakhale atalephera mayesowo amasankhabe wa kafakitale chifukwa akufuna ndalama yawo ipite kwa mwini amene amamudziwa, osati ku likulu la AB InBev ku Leuven kapena la Heineken ku Amsterdam. Chimenecho ndi chifukwa chomveka, kungoti si cha lilime, ndipo mkangano umayenda bwino munthu akanena poyera kuti akulankhula za chiti.

Botolo likatsika Thabwa

Tsopano ku nkhani yathu ya dzuwa. Mowa si kachasu, umakalamba. Kampweya kochepa kotsala m'botolo kamagwirana ndi zinthu za mu mowamo, fungo la hops limazilala, ndipo pamabwera kakomedwe konga ka katoni yonyowa. Ofulula ali ndi kawerengedwe kongoyerekeza kakuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kukalambaku kumathamanga kawiri kapena kuposa. Ganizirani kireti imene yachoka mu Blantyre pa lole yosafunditsa, yatsika zikhotakhota za Thabwa, yaoloka Shire pa Kamuzu Bridge, n'kukatsitsidwa pakhonde la bala pa Ngabu mwezi wa Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumadutsa madigiri 40. Imakhala pamenepo mpaka mnyamata wa pabala atapeza mpata, kenaka imalowa m'chipinda cha malata chopanda windo, pamene mukagwira botolo masana limafunda m'manja. Imaona filiji maola ochepa omaliza, ngati magetsi alipo. Amene adali kuno mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, akukumbukira mafiliji amene adasanduka makabati kwa miyezi.

Kuwala nako kuli ndi mlandu wake. Dzuwa likawomba mowa wa hops limaswa zinthu zowawa zija n'kutulutsa fungo loipa, ndipo m'kapu yoikidwa padzuwa zimachitika m'mphindi zochepa. Botolo lofiirira limatchinga kwambiri, lobiriwira pang'ono, loyera pafupifupi ayi, chitini ndiye chimatchingiratu.

Pa ulendo wotere mowa wosefedwa ndi wotenthedwa uja ndi umene umapirira. Umakalamba ndithu, koma udapangidwira moyo woterewu, ndipo poti umagulidwa msanga sukhalitsa m'sitolo. IPA wa kafakitale ka ku Cape Town, amene ulemerero wake wonse uli m'fungo la hops, amafika atayenda masabata pamsewu, atakhala pashelefu mu Blantyre, ndipo nthawi zambiri ndiye amataya zambiri. Mbiri ili ndi nthabwala zake: IPA wakale adatchuka chifukwa chopirira ulendo wa miyezi pa sitima ya pamadzi kuchoka ku England kupita ku India, hops akumuteteza kuti asaole. Hops amatetezadi ku tizilombo, koma fungo lawo limene a lero amalipirira ndilo limayamba kuthawa. Choncho anthu awiri, wina adalawa mowawo pafupi ndi fakitale yake ku Joni, wina adaulawa pa Nsanje, akhoza kukangana usiku wonse onse akunena zoona. Musanaweruze botolo, yang'anani deti lake ndipo funsani kumene lidagona.

Yang'ananinso nambala ya mphamvu. Lager wamba amakhala cha pa 4 kapena 5 peresenti, koma IPA ambiri ali pa 6 kapena 7. Botolo limodzi la 7 peresenti likufanana ndi limodzi ndi theka la amene mudazolowera, ndipo m'kutentha kwa kuno, munthu ali ndi ludzu, kuwerenga mabotolo kokha kumanamiza, makamaka kwa amene akwere njinga yamoto pobwerera.

Mapira athu akulowa pati?

Kwa mlimi wa kuchigwa, funso lokhudza thumba lake si lakuti thanki ndi ya ndani, koma kuti m'thankimo mwalowa mbewu yanji. Kuno mapira ndi mchewere zimapirira pamene chimanga chapserera, ndipo pali mayiko amene adalowetsa mbewu zotere m'botolo. Nigeria italetsa kuitanitsa chimera cha balere mu 1988, mafakitale a kumeneko, kuphatikizapo ofulula Guinness, adatembenukira ku mapira. Ku Uganda, Nile Breweries idatulutsa Eagle Lager wa mapira mu 2002, pogula mbewuyo kwa alimi ang'onoang'ono. Ku Mozambique, Cervejas de Moçambique idatulutsa Impala wa chinangwa mu 2011. M'mayiko awiri omalizawa boma lidachepetsa msonkho pa mowa wa mbewu za m'dziko momwemo, ndipo ndicho chidathandiza kuti ukhale wotsika mtengo. Onse amene adachita zimenezi ndi makampani akuluakulu. Kumbali inayo, kafakitale ka craft kakhoza kukhala ka mwana wa m'dziko momwemo, kolemba ntchito anthu a m'deralo, koma chimera, hops ndi yisiti zonse n'zoitanitsa kunja. Wofulula amene ndalama yake yonse imazungulira m'mudzi ndi amayi a masese aja, amene mapira amagula pamsika wa pafupi, nkhuni kwa mnansi.

Mapira ali ndi zovuta zake m'fakitale. Chimera chake sichisandutsa ufa kukhala shuga mwamphamvu ngati cha balere, ndipo ufa wa mapira umafuna kutentha kwambiri kuti upse, kutentha kumene kumapha mphamvu ya chimerayo. Mafakitale amazemba vutoli pophika mapirawo padera n'kuthira ma enzyme ogula, timankhwala togwira ntchito yomwe chimera chimagwira. Amasankhanso mtundu. Mapira ofiira ambiri amakhala ndi kakhambi kamene mbalame zimadana nako, zimene mlimi amakondwera nazo, koma mu mowa woyera wa m'botolo kakhambiko sikafunika. Ku Uganda adagwiritsa ntchito mtundu woyera wotchedwa Epuripur, ndipo alimi ankapatsidwa mbewu ndi lonjezo la msika asanadzale. Mapira oyera otsekemerawo ndi omwenso mpheta zimawakonda, ndiye mlimi wolowa mgwirizano wotere amawerengeranso masiku okhala pansanja kuingitsa mbalame.